Imelo ya Asiyatu sinapite

Moni nonse. Zandivuta kuno ku Balaka.

Sabata yatha Asiyatu, mwana wa achimwene ku Ulongwe, anabwera kuti ndimutumizire mapepala ofunsira malo kusukulu ya unamwino. Ndinatumiza pa kompyuta ya kuntchito. Nditangodina, ndinazimitsa intaneti monga timachitira muofesi muno populumutsa bando. Ndinamuuza kuti zapita, akadikire.

Lero imelo ya abwana yakana kupita. Ndinazimitsa kompyuta, kuyatsanso, kulembanso pasiwedi, koma ayi ndithu. Mnzanga anati, "Tatsegulani mmene mumakhala maimelo osatuluka." Ndapeza ya Asiyatu ili phee pamwamba, yatsekereza zinzake. Zithunzi za masatifiketi zinalemera kwambiri, ndipo chenjezo lake sindinalione chifukwa cha changu changa chozimitsa.

Ndaimbira kusukuluko. Akuti, "Iyayi bambo, tinatseka kulandira mapepala Lachisanu."

Chikundiwawa nchakuti mwanayu tsiku lililonse amayenda wapansi kukatchajitsa foni kumsika, kuopa kuti akusukuluko angamuimbire ili yozima.

Iyeyo mulibe m'gulu muno. Achimwene, ndi nonsenu, ndithandizeni nzeru: ndimuimbire, kapena ndikwere minibasi ndidzamuuze pamaso? Tisachedwe, mawa alawiriranso kukatchajitsa.