Anazikwama ndi chikwama chakuda

Munthu akalowa m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya mumzinda waukulu, asanafike pa mafupa a chinyama chachitali chomwe ana asukulu amachiunjirira, amayamba wadutsa pa kauntala ya mayi wina wamfupi wovala magalasi omangidwa ndi ulusi mbali imodzi. Dzina lawo lenileni limapezeka m'mafayilo a mu ofesi basi. Aliyense amangoti Anazikwama, chifukwa kwa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri akhala akulandira zikwama za alendo, kuziika pa shelefu ndi kupereka kachitsulo kolembedwa nambala.

Manambalawo ankapereka chifukwa lamulo linkatero, koma iwo sankawayang'ana. Ankasunga nkhope. Munthu akatula chikwama, ankachinyamula kaye pang'ono kuti amve kulemera kwake, kenako nkumuyang'ana mwiniyo kuyambira pachipumi mpaka pachibwano. Pobwerera, munthuyo asanapise m'thumba, chikwama chinkakhala chili kale pa kauntala. Alendo ankadabwa nkuseka. Iwo sankaseka. Mlendo akafunsa komwe angapite akachoka pano, ankamulozera shopu ya mabuku akale kuseri kwa khoti, kapena paki ya ziboliboli kumtunda, koma ankamaliza ndi mawu amodzimodzi: "Chikwama muziika kutsogolo, osati kumsana."

Ana awo awiri anaphunzira ndi ntchito yomweyi. Panthawi yonseyo sipanasowe ngakhale ambulera.

Zinthu zinayamba kusintha atabwera bwana watsopano, mtsikana wophunzira yemwe onse ankamutcha Madamu. Sabata yake yoyamba anaima pa kauntala nkunena kuti akuganiza zogula makabati achitsulo oti mlendo azidzitsekera yekha.

"Nanga ine?" anafunsa Anazikwama.

"Tiona, mayi. Chachikulu tsatirani lamulo. Wabwera ndi nambala, mpatseni chikwama. Alibe nambala, musampatse. Ndisamve dandaulo."

Kuyambira tsiku limenelo Anazikwama anadziwa kuti akufunidwa chifukwa chowachotsera.

Mwezi womwewo kunayamba kubwera bambo wina wa jekete yotuwa, wokhala ndi chipsera pansi pa khutu lakumanzere. Ankafika Lachiwiri ndi Lachinayi, nkutula chikwama chakuda chokhala ndi kaloko pa zipi. Ankalowa mkati, koma sankaona mafupa, mikondo yakale kapena zithunzi. Ankangodutsa ngati ali pamsewu nkutulukira khomo lakumbuyo, la ku kantini. Ankabwerera cha m'ma folo, nkhope ili gwa.

Anazikwama anauza mlonda wa pakhomo, mkulu wanthabwala yemwe ankadziwika kuti Kopolo.

"Akopolo, munthu uja mukumuona?"

"Ndikumuona, mlamu. Wakukondani ameneyo. Chikwamacho n'chonamizira."

"Inu, ukalamba wakulowani m'mutu. Munthu wobwera kudzaona zakale amatha mphindi ziwiri?"

"Mwina akaona inuyo amakhala kuti zakale waziona kale."

Anazikwama anamuponyera kansalu kopukutira fumbi, koma mtima sunakhale pansi. Chikwamacho chinkalemera mofanana tsiku lililonse, ndipo mkati simunkagwedera kanthu. Iwo anaganiza kuti ndi nyambo. Madamu atuma munthu, akufuna aone ngati nkhalambayi ingayese kutsegula. Ankachiika pa shelefu yapamwamba, pakona, pomwe ankachiona ngakhale akumwa tiyi.

Lachinayi lina bambo uja sanabwerere. Nthawi yotseka inakwana, mashelefu onse anapanda kanthu kupatula chikwama chakudacho. Chinagona pomwepo Lachisanu, Loweruka, mpaka Lolemba.

Lachiwiri m'mawa kunalowa mayi wonenepa bwino, wovala diresi yamaluwa ndi nsapato zosongoka. Sanayang'ane uku kapena uku. Anaika kachitsulo pa kauntala. Nambala 23.

"Ndadzatenga chikwama."

Anazikwama anayang'ana kachitsuloko, kenako nkhope ya mayiyo. Anali asanaionepo.

"Si inu munachisiya."

"Ndi cha amuna anga. Akudwala, ali m'chipatala. Andituma."

"Pepani ndi matenda. Amuna anuwo ndi otani?"

"Otani bwanji? Ndi amuna."

"Aatali? Aafupi? Ali ndi chizindikiro chilichonse?"

Mayiyo anaseka mopanda chimwemwe. "Amayi, kodi pano ndi papolisi? Nambala si imeneyi?"

"Nambala ndi yomweyo. Muli chiyani m'chikwamamo?"

"Zovala."

Dzanja la Anazikwama linali litanyamula chikwama chimenecho kangapo konse, ndipo linkadziwa kuti zovala sizilemera choncho. Anabweza kachitsuloko pang'onopang'ono ndi chala chimodzi.

Mayiyo anakweza mawu. Ana asukulu omwe anali pamzere anatembenuka, aphunzitsi awo nawonso. Kopolo anayandikira akukanda m'mutu. Posakhalitsa Madamu anatsika masitepe, nsapato zikulira kho kho kho.

"Chavuta n'chiyani?"

"Wantchito wanuyu akukaniza katundu wa amuna anga, nambala ndili nayo m'manja!"

Madamu anatenga kachitsuloko, nkuyang'ana pa shelefu, nkukabweza kwa mayiyo. "Mayi, ndinanena chiyani? Perekani."

Ngati uwu unali msampha, Anazikwama sanadziwe kuti kukamwa kwake kuli mbali iti. Akapereka, mwini wake adzabwera mawa nkunena kuti apereka katundu kwa munthu wolakwika. Akakana, aphwanya lamulo pamaso pa bwana. Anaganiza za nyumba ya lendi, ndi za msinkhu wawo, woti palibe angawalembenso ntchito kwina.

"Madamu," anatero motsitsa mawu, "kachitsulo kangathe kugwa m'thumba, aliyense nkutola. Mundilole ndichinyamule ndekha, ndipite ndi mayiwa kuchipatalako. Ndikaona nkhope ya mwini wake, ndikapereka m'manja mwake."

"Mukatuluka nacho pakhomo apa, likhala vuto lanu. Chikasowa, musabwererenso."

"Ndamva."

Anavula yunifolomu, nkuipinda, nkusiya Kopolo pa kauntala. Ananyamula chikwamacho kutsogolo, manja onse awiri atachikumbatira.

M'minibasi mayi uja anasintha. Anayamba kuwatchula kuti achemwali, nkuyamikira kukhulupirika kwawo, nkunena kuti anthu otere anatha kale padziko. Kawiri konse anati, "Bweretsani ndikunyamulireni, mwatopa." Anazikwama ankangoti zikomo, manja osamasula. Mumtima ankati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Atafika pageti ya chipatala, mayiyo anati, "Dikirani pano, achemwali, ndigule zipatso za wodwala." Analowa pakati pa ogulitsa, diresi yamaluwa inaoneka kamodzi kuseri kwa ambulera wofiira, basi.

Anazikwama anadikira mpaka dzuwa linafika pamutu. Kenako analowa okha. Dzina la wodwala sankalidziwa, choncho anayenda wodi ya abambo bedi ndi bedi, akuyang'ana pansi pa khutu la aliyense, mpaka namwino anawafunsa ngati akufuna m'bale wawo kapena akusankha mwamuna. Munthu wa chipsera munalibe.

Anabwerera kuntchito miyendo ikuwawa, nkuika chikwamacho pakona pake. Madamu anamva nkhani yonse ali chiimire.

"Ndiye kachitsulo kathu kapita?"

"Kapita."

"Mawa mudzalandira kalata ya chenjezo."

Kalatayo inabweradi. Anazikwama anaipinda kanayi nkuiika m'chikwama chawo osauza ana.

Patatha masabata atatu, bambo uja anatulukira. Anali ataonda, atavala malaya okha, akuyenda ndi ndodo. Zinangochitika kuti Madamu anali pomwepo, akuyeza khoma ndi anthu odzaika makabati.

"Ndinasiya chikwama pano," anatero bamboyo. "Koma nambala ndilibe. Ndinakomoka kukhoti, ndinadzidzimukira m'chipatala cha mishoni. Jekete yanga anatenga achibale, nambala ili m'thumba, akuti akachape."

"Popanda nambala sitipereka," anatero Madamu.

Anazikwama anali atakwera kale pa kampando. Anatsitsa chikwamacho, nkuchipukuta fumbi, nkuchiika patsogolo pa bamboyo.

"Ndi chawo, Madamu. Ngati pali kalata ina, lembani."

Bamboyo sananene zikomo. Anayang'anitsitsa kaloko, nkukatembenuza, nkuyang'ana Anazikwama ndi diso lakuthwa.

"Simunatsegule?"

"Tsegulani muone."

Anatulutsa kiyi yemwe anamangirira pakhosi. Mkati munali mafayilo okhaokha omangidwa ndi mphira. Anawaona limodzilimodzi, akunyowetsa chala ndi malovu, anthu onse akumuyang'ana. Atamaliza anapumira m'mwamba. Anafotokoza kuti ndi mapepala a nyumba yomwe anasiya malemu bambo ake, ndipo akulimbirana ndi mng'ono wake kukhoti. Kunyumba ankagona nawo kumutu. Masiku a mlandu ankaopa kuti amulanda panjira, ndiye loya wake anamuuza kuti mapepala enieniwo asamapite nawo kukhoti mpaka woweruza atawaitanitsa. N'chifukwa chake ankawasiya pano.

"Nanga mayi wonenepa, wa diresi yamaluwa, ndi akazi anu?" anafunsa Kopolo.

"Akazi anga anamwalira kalekale. Ameneyo ndi mlamu wanga, mkazi wa mng'ono wangayo."

Anatseka chikwama, nkuyang'ananso Anazikwama ngati pali china chomwe sanachipeze, kenako anatuluka.

Makabati anaikidwa kumapeto kwa mwezi, mashelefu anachotsedwa. Koma m'sabata yoyamba alendo atatu anataya makiyi, ndipo mmodzi anatsegula kabati ya mnzake. Madamu anaitana Anazikwama mu ofesi nkuwauza kuti akhalebe pakhomopo, azisunga makiyi apadera, ndipo wotaya kiyi aziyamba waonekera kwa iwo.

Kopolo anati apite akagule zakumwa asangalale. Anazikwama anakana. Mpaka lero sakhulupirira kuti nkhani ija inangochitika yokha. Amati munthu sangakomoke, mlamu nkubwera, bwana nkupezeka pomwepo tsiku lomwe mwini wabwerera, zonsezo popanda wozikonza. Akawafunsa kuti wokonzayo ankafuna chiyani poti ntchito ikadalipo, amayankha kuti chimenecho ndiye akuchifufuzabe.