Pufu Imene Anabwereka

Amayi anga anali ndi chiuno choipa. Anagwa m'ngolo pochokera kumunda wa thonje ine ndisanayambe sukulu, ndipo fupa linalumikizana mokhota. Kuyenda ankayenda, motsimphina, ngakhale khasu ankagwira. Chovuta chinali kukhala pansi. Akafuna kukhala pamphasa ankayamba agwira khoma, n'kumatsika pang'onopang'ono ataluma mano, ndipo podzuka pankafunika munthu wowakoka.

Wina afunsa kuti bwanji osangokhala pampando. Kwathu kwa Makhuwira masiku amenewo mpando unali wa mwamuna. Mkazi akakhala pampando apongozi ake ali pomwepo, mudzi wonse unkamunena kuti ndi wamwano. Mipando ya ndalema tinali nayo iwiri, koma amayi ankaikhudza poipukuta fumbi basi.

Abambo ankanyamula katundu kudoko ku Beira, ndipo ankabwera kamodzi pachaka pasitima. Iwo anabadwira kutsidya kwa malire, m'dziko la Apwitikizi, anabwera kuno ndi makolo awo ali mnyamata, moti Chisena sichinawachoke pakamwa. Chaka china anatulutsa m'sutukesi chikopa chopindapinda, cha zigamba zofiira ndi zakuda, pamwamba pake atasokapo nyenyezi. Anati anagula kwa mmwenye ndipo dzina lake ndi pufu. Ife ana tinafa nazo kuseka, munthu kuchoka ku Beira konse n'kubwera ndi thumba lopanda kanthu.

"Sekani," anatero abambo. "Mai wanu adzazemo thonje, muone."

Amayi anapatula thonje la m'munda mwawo, n'kulichotsa njere ndi zala mpaka zala zinatupa. Ankaliika m'chikopamo n'kumatsindira ndi munsi, kuika lina, kutsindiranso. Litadzaza anasoka kukamwa kwake ndi ulusi wa khonje. Chinaima chinthu chozungulira ngati ng'oma, chofika mmunsi mwa bondo. Agogo aamuna, apongozi awo a amayi, anabwera kudzachiona. Anachizungulira, n'kuchibaya ndi ndodo.

"Miyendo chilibe. Potsamira palibe. Si mpando uwu," anagamula choncho.

Mlandu unathera pomwepo. Amayi anakhalapo agogowo akuona, ndipo anadzuka okha osagwira khoma. Abambo anayang'ana kumbali, koma ine ndinawaona akumwetulira.

Kuyambira pamenepo pufu inkapita kulikonse kumene amayi ankapita. Kutchalitchi, kumaliro, pansi pa mtengo wa masawu posankha thonje. Kukabwera mlendo inkasanduka tebulo loikapo tiyi. Azing'ono anga ankaiimba ngati ng'oma, n'kulandira makofi awo. Kutentha kwa kuchigwa kuno kumang'amba chikopa ngati chidendene, choncho Loweruka lililonse amayi ankaipaka mafuta a nsatsi oyenga okha, msoko ndi msoko, mpaka inkanyezimira. Abambo atamwalira ku Beira komweko, kunabwera uthenga ndi jekete lawo basi, manda sitinawaone. Loweruka lotsatira amayi anapaka pufu ija nthawi yaitali kuposa kale.

Ndinali namwali kale pamene kunamveka kuti kubwera nduna kudzachititsa msonkhano pabwalo la sukulu. Mwambo wake unali wodziwika. Achinyamata a chipani ankayenda khomo ndi khomo kutolera zinthu za mitundu iwiri. Mazira, nkhuku ndi mbuzi zinali mphatso, zinkaunjikidwa kutsogolo kwa nsanja ndipo zinkapita ndi galimoto. Mipando, matebulo ndi nsalu zoyala zinali zobwereka, zinkabwerera kwa eni ake msonkhano ukatha. Ife tinapereka nkhuku. Anyamatawo anaimangirira panjinga, koma sanachoke.

"Mayi, atcheyamani akuti mubwereke chokhalira chanu chija. Akazi a nduna aikepo mapazi."

Atcheyamani anali mkulu wa nthambi ya chipani m'dera lathu, munthu amene tinkamudziwa akugulitsa nsomba zouma. Akazi awo anali atakhalapo kale papufu ija kumaliro ena amayi atapita kuseri, n'kunena kuti zinthu zabwino zimagwera anthu osayenera.

"Ibwera mawa?" anafunsa amayi.

"Mukukayikira chipani?"

Ndinaisenza ndekha pamutu mpaka kusukulu, n'kuiika pansanja pambali pa mipando yobwereka. Tsiku la msonkhano dzuwa linali loswa mtengo. Amayi anaima m'gulu la amayi oimba, chifukwa kuvina sakanatha. Akazi a nduna sanabwere n'komwe. Itafika nthawi ya mphatso, wolengeza anatchula mbuzi, anatchula mazira, kenako mnyamata wina ananyamula pufu yathu m'mwamba kuti aliyense aione.

"Ndipo ichi chachokera kwa mayi wamasiye, wapereka ndi mtima wake wonse!"

Bwalo lonse linalulutira. Ndinayang'ana amayi. Mnyamata wina wa chikwapu anali ataima pafupi nawo, ndipo amayi anaika dzanja pakamwa n'kululutira nawonso. 

Chinthu chikalengezedwa kuti ndi mphatso, kuchifunsa kunali kulanda boma. Mipando ya anthu inabwerera. Ife tinkaganiza kuti pufu yapita ndi galimoto ya nduna, ndipo amayi anayamba kugwiranso khoma. Kutchalitchi anasiya kupita, chifukwa amayi ankakhala pansi mbali yawo ndipo kudzutsidwa ndi anthu awiri pamaso pa mpingo kunkawachititsa manyazi. Kenako mnzanga wina anandinong'oneza kuchitsime kuti waiona pakhonde pa atcheyamani.

Amayi anakhala nayo nkhaniyo mumtima mpaka thonje linatha kukolola. Tsiku lina mmawa anavala chitenje chawo chabwino, n'kundiuza kuti ndiwaperekeze kwa atcheyamani.

"Ngati nduna inaisiya, ndiye kuti sinaifune," anatero m'njira. "Ndikapempha mwaulemu. Ana awo ndinawasambitsa ine."

Tinawapeza atcheyamani ali pampando pakhonde, wailesi ili pambali, mapazi onse awiri ali papufu, chidendene pa nyenyezi penipeni. Akazi awo anali pamphasa akusenda nandolo. Sanatiyalire kanthu. Amayi anayang'ana khoma, linali patali. Anandigwira phewa n'kutsika mpaka padothi, ndipo ndinamva mpweya wawo ukutuluka m'mano. Anawomba m'manja, moni anapatsana.

"Mayi athu opatsa aja!" anatero atcheyamani. "Nduna inakondwa kwambiri. Inati pufuyi ndiziisunga ine kuno, ikabwera iziipeza. Kaya mwatiyendera ndi chiyani?"

Amayi anatsegula pakamwa, koma bamboyo anali asanamalize.

"Ndimafuna kukufunsani. Malemu aja kwawo kwenikweni kunali kuti? Kutsidya, eti? Pajatu masiku ano akufunsa za anthu akutsidya, ndi nkhondo ili kumeneko. Ine ndimawauza kuti banja ilo ndi lokhulupirika, munaona nokha mphatso yawo. Munda uja mukulimabe?"

Munda umenewo ndi umene unkatidyetsa. Ndinafuna kulavula, ndinafuna kukoka chinthucho pansi pa mapazi awo kuti agwe chagada. Amayi anandikanikiza bondo ndi chala.

"Tangobwera kudzakupatsani moni, baba," anatero. "Takhuta."

Takhuta ndi zikomo wa Chisena, ndipo amayi ankamunena kwa abambo akawabweretsera kanthu. Tsiku limenelo anamunena kwa wakuba.

Potsanzika analephera kudzuka. Ndinawakoka, mwendo unakana, anabwerera pansi. Akazi a tcheyamani anaseka pang'ono, n'kuuza amuna awo kuti achotse mapazi. Anaikankha pufu ija ndi phazi mpaka inafika pamene panali amayi.

"Gwirani apa mudzuke, anzanga. Ukalambatu uwu."

Amayi anaikapo manja onse awiri. Sanadzuke msanga. Ndinaona chala chawo chikuyenda pamsoko umene anasoka okha. Kenako anadzikankha, n'kuima, n'kuwombanso m'manja.

Tinauyamba wobwerera kunyumba. Ine ndinkatukwana chamumtima, misozi ikutsika, kudikira kuti amayi nawonso atukwane, anene kuti Mulungu adzawaona anthu amenewa. Titafika pamtengo wathu wa masawu ndi pamene anatsegula pakamwa.

"Sakuipaka," anatero. "Yayamba kung'aluka m'mbali."

Analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi kabotolo ka mafuta a nsatsi, kotseka ndi chitsononkho.

"Kawapatse akazi awo. Uwauze azipaka Loweruka, makamaka m'misoko. Asamaisiye padzuwa."

"Amayi, akuberani, ndiye muwapatsenso mafuta?"

"Anaitenga kutali abambo ako. Pita."

Ndinapita. Ndinagwada pakhonde lomwe lija, n'kupereka kabotolo ndi manja awiri, n'kunena zonse monga anandiuzira. Mayiyo anakatsegula, ananunkhiza, n'kuthira pang'ono m'dzanja. Ndili chigwadire, anayamba kudzola kumapazi kwake.

Nditabwerera ndinapeza amayi ali chiimire pakhonde, atatsamira khoma, mipando iwiri ya ndalema ili pambali pawo.

"Wawauza za m'misoko?"

"Ndawauza, amayi."