Hutala ya Galimoto ya Bambo Anga

Galimoto ya bambo anga anthu a m'chigwa cha Domasi ankaitcha Kamba. Inali yakale kuposa ine, ya msana wozungulira, ndipo pachitunda inkakwera ngati ikuyamba yaganiza kaye. Koma ndi yomweyo imene inatengera theka la mudzi wathu kuchipatala, azimayi oyembekezera, ana a malungo, ndi ena amene anabwerera momwemo atakulungidwa mu mphasa. Pa kona ya pamlatho bambo sankalephera kuimba hutala, kaya pali munthu kaya palibe. Hutalayo inali ndi mawu akeake, osasa ngati tonde wachimfine, moti ngakhale agalu ankaidziwa.

Chaka chotsatira chisankho chija cha zipani zambiri, maso a bambo anachita ng'ala. Tsiku lina anangotsala pang'ono kugunda mwana wa sukulu pa Songani, ndipo atafika kunyumba anaika makiyi patebulo n'kunena kuti galimoto igulitsidwe. Ine nthawi imeneyo ndinkatayipa makalata mu ofesi ina ku Zomba, ndiye ndinkadziona ngati katswiri wa mapepala. Ndine ndinapeza wogula, bambo wina wa ku Blantyre amene ankasonkhanitsa magalimoto akale n'kumawapukuta ngati ana ake.

Anabwera Loweruka. Utsi sunamudetse nkhawa, ngakhalenso chitseko chimene tinkamanga ndi lamba wa njinga. Anatsegula boneti, anapukuta nambala ya injini ndi parafini, n'kuifananiza ndi ya mu bulubuku, kabuku ka boma kosonyeza mwini galimoto. Inagwirizana. Kenaka anayala thumba pansi n'kulowa kunsi kwa galimoto. Anakhalitsako, tikungomva akupala dzimbiri. Atatuluka sanasekenso. Anati nambala ya chasisi, chitsulo chimene thupi lonse la galimoto limakhalapo, sinali ya mu bulubuku. Sikuti inangophonyeka pang'ono ayi, inali nambala ina ndithu.

Bambo anayankha mwachangu kwambiri. Anati chaka cha madzi osefukira galimoto inakokoloka pa doko n'kuphwanyika thupi, ndipo makanika wina wa pa Songani, amene pano anamwalira, anali ndi thupi lina la mtundu womwewo kuseri kwa galaja yake. Anangosamutsa injini ndi mapuleti, n'kupaka penti wobiriwira. Kwathu kuno aliyense ankadziwa kuti galimoto ndi injini. Thupi ndi nyumba chabe, ndipo munthu akasamuka nyumba sasintha dzina. Wogulayo anati zimenezo n'zomveka kumudzi, koma boma limawerenga chasisi, ndipo iye sakufuna kukagona kupolisi chifukwa cha galimoto ya eni. Tikonze mapepala, adzabweranso.

Amayi anali pakhonde akupeta mpunga. Anaika lichero pansi, nkhuku zili pomwepo, n'kulowa m'nyumba.

Madzulo ake bambo anati nkhaniyi ithere pomwepa, galimoto iwolere pansi pa mtengo wa mango. Ine zinandikwiyitsa. Ndinawauza kuti nthawi yoopa chithunzithunzi chako chomwe inapita, pano ndi boma latsopano, ndipo kukonza nambala ndi ntchito ya cholembera basi. Lolemba ndinatenga bulubuku m'sutikesi yawo n'kukwera minibasi ya ku Blantyre.

Ku ofesi yoona za magalimoto kalaliki anatenga nambala imene wogula uja anandilembera, n'kulowa m'chipinda cha mafayilo akale. Anabwerako ndi fayilo yafumbi ndipo mawu ake anali atatsika. Anandifunsa kuti mwini galimotoyi ndi ndani wanga. Ndinati ndi bambo anga. Anapukusa mutu n'kundiwerengera dzina lina, ndipo dzinalo ndinkalidziwa ngakhale sindinalimve likutchulidwa mokweza kuyambira ndili mwana.

Linali dzina la aphunzitsi ena a pa sukulu ya kufupi ndi mishoni. Ndili wamng'ono, anthu anabwera masana pa galimoto ya boma n'kuwatulutsa m'kalasi choko chili kumanja. Sabata yomweyo galimoto yawo inatengedwanso pakhomo. Palibe amene anafunsa. Akazi awo ankakhalabe kutsidya, pa kona ya pamlatho pomwe paja, ndipo tinkangowatcha mayi a kutsidya. Sanalire maliro, sanamete, sanakwatiwenso. Mlendo akafunsa za amuna awo ankati ali paulendo. Ndipo mwa anthu onse a m'chigwa chathu, iwo okha sanakwerepo Kamba. Mwana wawo atadwala kwambiri anamubereka kumbuyo mpaka kuchipatala, bambo anga akuwakuwira kuti akwere. Ine ndinkangoti mayiwa ndi odzikonda.

Kalaliki ananditumiza kupolisi, ndipo wapolisi amene anandilandira anali wachikulire, waulemu mpaka kuopsa. Analemba zonse pang'onopang'ono. Anati njira zilipo ziwiri. Mwini chasisi alembe kuti anatigulitsa, kapena ngati anamwalira, tibweretse kalata ya imfa ndipo mkazi wake adinde chala kuti wapereka galimotoyo kwa ife. Zikapanda kutero pofika kumapeto kwa mwezi, galimoto ikokedwa, ndipo mdala adzafotokozera ali m'kati momwe katundu wa munthu wosowa anapezekera pakhomo pake. Ndinati ndiye tingoisiya, sitigulitsanso. Anatseka cholembera chake n'kundiuza kuti zalembedwa kale, ndipo mlandu suola.

Mu minibasi pobwerera ndinkangodzitukwana chamumtima. Walira mvula walira matope.

Ndinawapeza bambo atakhala pa mpando wa ndalema, nkhope ataloza kumene kunali galimoto ngakhale sankaiona bwino. Sindinawapatse ndi moni womwe. Ndinawafunsa ngati ankadziwa.

“Ndinadziwa,” anatero. “Makanika akupala penti ndinaona mtundu wa pansi pake. Ukanati ndikanene kwa ndani? Masiku amenewo kuzindikira galimoto ya munthu kunali kuvomera kuti umamudziwa. Ndinali ndi iwe, ndi azichimwene ako. Ndinangoti paka wobiriwira.”

Ndinkafuna kuwakalipira koma ndinasowa poyambira. Anali bambo anga, mkulu wa mpingo, munthu amene sanakanepo kudzuka kuti akanyamule wodwala. Ndipo kwa zaka zonsezo ankadutsa pakhomo pa mayi aja pa galimoto ya amuna awo.

Tinapita kutsidya wapansi, bambo atandigwira paphewa. Tinawapeza mayiwo akuyanika mpunga pa mphasa. Anatipatsa mpando koma bambo anavula chipewa n'kukhala pansi penipeni. Anayamba kutali, za mvula, za maso awo, za wogula wa ku Blantyre, ndipo ine ndinkangoluma mano. Mayiwo anawadula modekha.

“Galimotoyo ndikuidziwa, bambo. Penti saphimba mawu.”

Anati amuna awo akamachokera kusukulu ankaimba hutala pa kona ija kuti iwo atereke madzi a tiyi. Injini inasintha, mtundu unasintha, koma makanika sanachotse hutala. Tsiku loyamba kuimva atatengedwa amuna awo, anathamangira kumsewu chitenje chili kumanja, n'kupeza ndi bambo anga.

“Mutu unkadziwa kuti ndinu,” anatero. “Koma miyendo sinamve. Zaka zonsezi inu mumaimba, ine ndimatuluka.”

Bambo anawerama mpaka chipumi chinatsala pang'ono kugunda maondo. Ndinalankhula ndine, ndipo ndinanena zonse monga anandiuzira wapolisi, za kalata ya imfa, za chala, za kumapeto kwa mwezi. Mayiwo anafunsa ngati ndikutanthauza kuti boma limene linawatenga amuna awo osanena kanthu, pano likufuna kuti iwo ndiwo anene kuti anafa. Ndinati eya, ndipo ndinachita manyazi ngati ndine ndinapanga lamulolo. Anaingitsa nkhuku pa mpunga n'kutiuza kuti tipite bwino, dzuwa lakula.

Masiku otsatira pakhomo pathu panali zii. Wapolisi wa ku Domasi anayamba kumadutsa pa njinga, kuima pa mpanda, kupereka moni mwaulemu, kuyang'ana galimoto, n'kumapita. Anthu amene kale ankabwera kudzapempha thandizo anayamba kulambalala. Tsiku lina ndinapeza amayi akupinda bulangete la bambo pamodzi ndi Baibulo ndi mankhwala a m'maso, n'kuziika m'jumbo kuseri kwa chitseko. Ndinafuna kupitanso kutsidya kukagwada, koma amayi anandigwira mkono. Anati munthu sumukakamiza kupha mwamuna wake kuti apulumutse wako.

Mwezi uli pafupi kutha, mayi a kutsidya anabwera m'mawa ndi mlongo wawo, amene anali mwini mbumba kwawo. Mlongoyo ndiye analankhula. Anati achemwali ake avomera kudinda chala, koma chala sichingatsogole maliro asanachitike. Kwathu munthu akasowa mtembo osapezeka, amadula thunthu la nthochi n'kuliika m'manda m'malo mwake, kuti abale alire, amete, n'kumasuka. Iwo ankafuna kuti zimenezi zichitike, ndipo maliro anyamulidwe pa galimoto ya mwini wake. Chachiwiri ananena mayiwo okha.

“Hutala muichotse. Ipite ndi eni ake.”

Akulu ena a mpingo anang'ung'udza kuti za nthochi si zachikhristu. Bambo anawauza kuti ngati n'kuwachotsa pa udindo awachotse, koma galimoto ipita. Hutala anaimasula okha, akupapasa mabawuti ndi zala, ndipo sanalole wina kuwathandiza. Inali kachitsulo kakuda kokwana m'manja awiri.

Tsiku la maliro anthu anabwera ambiri kuposa momwe ndinkaganizira, ena anali ana a sukulu a aphunzitsi aja, tsopano ali ndi imvi. Dzina lawo linkatchulidwa mokweza, ndipo nthawi iliyonse likatchulidwa ena ankacheukabe kumsewu. Mwambo unayambira pakhomo pa mlongo uja, mbali yathu ya mtsinje, ndipo manda anali kutsidya. Thunthu la nthochi analiveka jekete limene mayiwo anasunga, n'kulikulunga ndi nsalu yoyera, n'kuligoneka pa mpando wakumbuyo. Mayiwo anakwera n'kukhala pambali pake, hutala ili pamiyendo. Kanali koyamba kuti alowe m'galimotomo chichokereni amuna awo.

Woyendetsa analipo, mnzawo wa bambo wa matola, koma bambo anakana kupereka makiyi. Anayendetsa okha pa giya yoyamba, ine ndili pambali ndikuwauza kuti kumanja pang'ono, pali dzenje, pali anthu. Azimayi ankaimba nyimbo m'mbuyomo. Titafika pa kona ya pamlatho, dzanja la bambo linachoka lokha n'kukanikiza pakati pa chiwongolero monga mwa masiku onse. Sipanamveke kanthu. Apo m'pamene mayi aja analira, kulira kwenikweni kochokera m'mimba, ndipo azimayi panja anasiya nyimbo n'kuwalandira.

Hutala inaikidwa m'manda pamodzi ndi nthochi. Atameta, amfumu analemba kalata ya imfa, ndipo mayiwo anadinda chala kupolisi atafunda duku pamutu wopanda tsitsi. Ku ofesi ya magalimoto kalaliki uja anadula nambala yakale ndi mzere umodzi, analemba yatsopano pamwamba pake, n'kumenya chidindo. Ntchito ya cholembera basi, monga ndinanenera. Sindinasangalale kuti ndinalondola.

Wogula anabwera, analowanso kunsi kwa galimoto, anatuluka akumwetulira. Atayesa hutala anadandaula kuti ulendo woyamba inkalira bwinobwino, ndipo yoteroyo sipezekanso m'masitolo. Bambo anangomuuza kuti akagule ina ya mawu ena. Kenaka bambo anamupempha kuti atitengeko mpaka pamlatho, ndipo tinatsikira pamenepo. Kamba anakhota pa kona ija mwakachetechete n'kuyamba kukwera chitunda cholowera kumsewu wa tala.

Mayi a kutsidya anali pabwalo pawo akusesa, msana ataulozetsa kumsewu. Bambo anaima atandigwira paphewa mpaka phokoso la injini litatha. Kenaka anandifunsa chapansipansi.

“Atuluka?”

“Ayi, ababa. Akusesa.”

Anavala chipewa chawo, ndipo tinabwerera kunyumba atandigwira paphewa.