Ng'ala ya M'maso ndi Mbuzi Yabuluu

Chizindikiro choyamba cha matenda anga ndinachiona pa mbuzi, ngakhale kuti mbuziyo sinali ya m'khola. Nditapuma pa ntchito yauphunzitsi, ndinakonza tsamba la pa intaneti limene ana amasankhapo chiweto chojambula, monga mbuzi, nkhuku kapena nkhumba, n'kuchipatsa dzina, mtundu ndi zovala. Tsambali sindipezerapo phindu. Ndimalisamala m'mawa uliwonse kuno ku Bembeke monga momwe anzanga amasamalira madimba awo.

M'nyengo yachisanu ya chaka chatha, ndinaona kuti mbuzi yoyera ya patsambapo ikuoneka yachikasu, ngati nsalu yokhalitsa pa utsi. Ndinaganiza kuti ndinalakwitsa posakaniza mitundu, choncho ndinawonjezerapo buluu pang'ono kufikira itayeranso. Patapita milungu ingapo inabwerera ku chikasu, ndipo ine ndinawonjezeranso buluu. Ndinachita zimenezi kangapo konse.

Kenaka mauthenga a ana anayamba kufika. Ena ankafunsa kumene mbuzi yoyera yapita, pamene ena ankathokoza chifukwa cha mbuzi yabuluu. Onse ndinawayankha mwaulemu, m'ziganizo zolongosoka, kuti vuto lili m'mafoni a makolo awo. Akazi anga, a Nambewe, atasuzumira pa kompyuta ananena kuti mbuziyo yafanana ndi yunifolomu ya ana asukulu. Anandikumbutsanso kuti Lamulungu lapitalo ndinalumpha mzere wathunthu powerenga m'tchalitchi, ine amene sindinalumphepo ngakhale mpatuliro. Panalinso zina: dzuwa linkandithobwa m'maso, ndipo nkhungu imene imakuta mapiri athu m'mawa inkakhala ngati sikuchoka ngakhale masana.

Ndinachita mantha kuti ndikuchita khungu, ndipo tsambalo litsekedwa, popeza palibe wina wodziwa kulisamala. Anzathu ena a mumphakati anandiuza za mankhwala azitsamba odontheza m'maso. A Nambewe anakana, n'kundiperekeza kuchipatala.

Kumeneko tinakhala pa benchi kuyambira m'mawa, pamodzi ndi anthu ambiri a msinkhu wanga, ena atagwiridwa dzanja ndi ana awo. Anandiyeza shuga ndi kuthamanga kwa magazi, kenaka anandiwerengetsa zilembo za pakhoma. Ndinalekera pa mzere wachiwiri. Dokotala atandiunika ndi tochi anati, "Bambo, muli ndi ng'ala m'maso monse muwiri. Imachotsedwa, ndipo mwabwera nthawi yabwino." Anafotokoza kuti ng'ala ikamakula, zinthu zoyera zimaoneka zachikasu.

Ananditumiza kuchipatala chachikulu cha maso, ndipo tsiku langa linakwana mvula yoyamba itagwa kale. Anayamba ndi diso lakumanja. Sanandigoneke tulo. Anandibaya jekeseni wochititsa dzanzi, ndipo ululu sindinaumve, ndinkangomva madzi ozizira akuyenderera patsaya. Ndinagona ndi bandeji, ndipo namwino ataichotsa m'mawa mwake, ndinaona ulusi uliwonse wa pakolala ya diresi lake. Anandipatsa mankhwala odontheza, n'kundiletsa kuwerama, kunyamula zolemera, kukhala pa utsi ndiponso kukhalitsa pa kompyuta. Lamulo lomalizali a Nambewe analitsatira mopyola muyeso: chingwe cha kompyuta chinkakhala m'chikwama chawo, ngakhale popita ku Misa.

Tsiku limene anandibwezera chingwecho, ndinatsegula tsambalo. Nditaphimba diso lakumanja ndi dzanja, mbuzi inali yoyera monga ndinaisiyira. Nditaphimba lakumanzere, limene linali lisanakonzedwe, inali yabuluu ngati thambo la mwezi wa Meyi. Ndinasinthasintha dzanjalo kwa kanthawi ndithu, a Nambewe ali chilili kumbuyo kwanga.

Diso lachiwiri analikonza Pasaka atadutsa. Panopa ndimawerenga ndi magalasi, ndayambiranso kuwerenga m'tchalitchi, ndipo tsamba lija ndikulisamalabe. Mbuzi yoyera ndinaibwezera m'malo mwake. Yabuluu ndinafuna kuichotsa, koma ana anapempha kuti ikhale, ndipo lero ndiyo imene amakonda kuiveka chipewa ndi sikafu.

Anzanga achikulire, anthu ambiri akamakuuzani kuti chinthu chili ndi mtundu wosiyana ndi umene inu mukuona, musafulumire kutsutsa mafoni awo. Pitani kuchipatala akakuyezeni maso ng'ala isanakhwime. Ine ndinatha nyengo yonse yachisanu ndikukonza mbuzi imene inalibe vuto lililonse.