Mphutsi za m'Dzino Langa

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene nkhama inanditupa pafupi ndi dzino lakumapeto, mbali yakumanzere. Tinkakhala ku Kapichila, ndipo inali nyengo yokumba mtedza, nthawi yoipa zedi yodwalira m'kamwa. Anzanga ankakukuta mtedza wauwisi m'munda, ine ndikungomeza malovu, tsaya lili ngati ndabisamo dzira. Nsagwada inkawawa mpaka m'khutu.

Bambo ananena kuti ndikapanda kuchira pofika Lolemba, andikweza panjinga kupita kuchipatala. Mawu amenewo anandiopsa kuposa ululu. Ana tonse tinkadziwa kuti kumeneko amazula mano, ndipo ine dzino langa ndinkalifuna.

Nkhaniyi inafika kwa azakhali anga a NyaZimba, omwe kwathu timawatcha ankhazi. Panalibe matenda amene ankhazi ankawaopa, bola wodwalayo akhale munthu wina. Tsiku loyamba ananditikita nkhama ndi makala osinja osakaniza ndi mchere, ndinavina osamva ng'oma. Lachiwiri anaikapo fodya wawo wam'mphuno. Dziko linazungulira, ndinakasanzira kuseri kwa khola, iwo n'kunena mokhutira kuti matenda ayamba kutuluka.

Tsiku lachitatu anandikanula kukamwa, nasuzumiramo kwa nthawi yaitali. "Muli mphutsi umu," anatero. "Ndiye zikumudya mwana."

Anakathyola nthula kutchire, nachotsa nthanga zake n'kuzisakaniza ndi mafuta. Anaika phale lotentha pamwala m'beseni la madzi, nathirapo nthangazo, navindikira ndi chikho choboola. Pabowopo anazikapo bango, nandiuza kuti ndilozetse utsi padzino. Ndinatsokomola mpaka misozi. Atavundukula, m'madzimo munkayandama tizinthu toyera tisanu, topindika ngati mphutsi zenizeni. Ankhazi anathamanga kukaitana amayi apamudzi kuti adzaone okha.

Amuna a ankhazi, a Mtonga, anali atakhala pamthunzi nthawi yonseyi. Anali achikulire opanda dzino ngakhale limodzi, moti nyama ankachita kuwasinjira. Anasendera, nati utsiwo mwina ungathandize chifuwa chawo. Anathira nthanga zonse zotsala paphale, naika bango m'kamwa, nakoka mtima uli m'malo.

Pamene ankhazi ankabwera ndi gulu lawo, beseni linali litayera.

"Zonse izi zachoka mwa mwana?" anafunsa mayi wina atagwira pakamwa.

"Za mwana ni zisanu," anayankha a Mtonga. "Zinazo ni zanga." Anamwetulira, nkhama zokhazokha zili poyera.

Amayi aja anaseka mpaka kugwirana mapewa. Koma ankhazi sanali munthu wogonja. "Izo ni zakale," anatero, "zamene zinamaliza mano yanu." Kenaka anatembenukira kwa ine, anthu onse akuyang'ana. "Towela, uza anthu. Kukali kuwawa?"

Kunkawawa kuposa m'mawa. Ndinali nditaonanso bwinobwino kuti mphutsizo zinali timitima ta nthanga tomwe tinatumphuka ndi moto. Koma ankhazi anali thukuta kamukamu, chala chawo chitapsa ndi phale chifukwa cha ine, ndipo anthu anali atangowaseka kumene. Ndinawamvera chisoni. Ndinakumbukiranso kuti mawa lake linali Lolemba. Ndinagwada n'kuwathokoza m'chinenero chakwathu, ndinati, "Kwaleka, ankhazi. Yewo chomene."

Bodza limenelo linandigwiritsa ntchito. Mbiri ya ankhazi inafika mpaka ku Chikomeni, ndipo aliyense wobwera atagwira tsaya ankamuonetsa ine ngati umboni. Ankandipatsa chimanga chokazinga kuti nditafune pamaso pa alendo. Ndinkatafunira kumanja ndikumwetulira, kenaka ndinkapita kuseri kwa nkhokwe kukalira. Kunyumba ndinaphunzira kukhala mopendeketsa mutu kuti bambo aziona tsaya labwino lokha.

Patatha milungu itatu ndinadzuka kukamwa kukukana kutseguka, thupi likutentha. Bambo sanafunse munthu, anangopopa njinga. Dokotala wamano, mayi wamfupi wolankhula mofatsa, anayang'ana m'kamwa napukusa mutu.

"Sembe munabwela pamene inayamba, tikanangotsuka na kumupatsa mankhwala," anauza bambo. "Manje mafinya yafika pansi. Dzino ifunika kuchoka."

Bambo anandiyang'ana. "Si unakamba kuti kwaleka?" Ndinangogwira tsaya langa lotupa lija. Titabwerera, thonje lili m'kamwa, ankhazi anamvetsera nkhani yonse mwachidwi, nagamula kuti mphutsi imodzi inabisala.

Kwa zaka zambiri ndinkaimba mlandu utsi uja. Lero ndine mayi wa ana atatu, ndipo ndimaona kuti ankhazi anachita zomwe ankadziwa, ndi mtima wawo wonse. Dzino lija ndinalipereka ndekha pamene ndinagwada, ndikuyesa kuti ndikuteteza ulemu wawo komanso dzinolo. Mwana amene waphunzitsidwa kusachititsa manyazi akulu amavomera chilichonse anthu akamamuyang'ana. N'chifukwa chake mwana wanga akadwala sindimufunsa pagulu ngati wachira. Ndimapita naye pambali, tili awiri, ndipo akati kukuwawabe ndimamukhulupirira.