Tsiku Limene Ndinasesa Mawu a Malemu

Ndikudziwa kuti ena mukawerenga izi munena kuti mayiyu wawonjezera mchere, koma ine ndine munthu wopemphera, ndipo msinkhu ndafikawu si wopeka nkhani. Zimenezi zinandichitikira ndithu ku Phalombe, masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo ena amene analipo akadali moyo, kungoti sindiwatchula mayina.

Ine kwathu ndi ku Ntcheu, ku Phalombe ndinapitira uphunzitsi pa sekondale ina ya mishoni chakumapeto kwa zaka za m'ma 2000, nthawi ija intaneti inkangotichezera, lero ilipo mawa kulibe. Pasukulupo panali mphunzitsi mnzanga, Mlomwe, amene zinkamupweteka kuona ana akuchita manyazi ndi chilankhulo cha makolo awo, ndiye analemba kapulogalamu ka pakompyuta koti ukadina liwu la Chichewa kankakuonetsa la Chilomwe, n'kumveka munthu akulitchula. Pa ntchito imeneyi ine ndinali wotayipa chabe, koma popeza ndili ndi kamtima kosafuna kupitidwa, ndinkasuzumira chilichonse chimene ankachita mpaka ndinaphunzira kuika zinthu pa webusaiti yathu, pamene anthu ankatengapo pulogalamuyo ndi kumvetsera mawuwo.

Mawu ambiri tinajambula kwa bambo wina wachikulire wa ku Nkhulambe, mpalamatabwa. Bamboyu asanatchule liwu lililonse ankayamba wakhosomola pang'ono, akatha n'kuseka, ngati akuti inunso, zimenezi mpaka kujambula? Abale ake poyamba anakana, mwini mbumba ankati munthu ukamutsekera mawu m'makina umamufupikitsira moyo, ndipo ndine ndinagwada pamphasa n'kulonjeza kuti mawuwo tidzawasunga ngati mbewu. Patatha chaka bamboyo anamwalira ndi chifuwa chake chakalekale, koma mukudziwa kumudzi, maso ena anayamba kundiyang'ana cham'mbali. Chimene chinaziziritsa mitima n'choti ndinalonjezanso kuti tsiku lovundukula chiliza ndidzabwera ndi mawuwo kuti anthu adzamumvenso.

Tsono webusaiti, kwa amene simudziwa, imakhala pa seva, kompyuta ya kutali yosazimitsidwa, tingoti nyumba yake. Yathu inkakhala pa seva ya mkulu wina wa ku Blantyre amene anatibwereka kangodya mwaulere. Sabata yomwe ija ya chiliza, mkuluyu anaimba foni kuti seva yakeyo aitseka posachedwa, tiyambe kusamuka. Mnzanga uja anali atapita kusukulu kunja kwa dziko, anangotipezera malo pa seva ina n'kunditumizira ndondomeko, ntchito yonse n'kugwera ine. Ndiyeno dziwani kuti dzinja la chaka chimenecho mphenzi inali itawotcha kompyuta ya mu ofesi momwe munali mawu oyambirira, moti mawu a malemu padziko lonse lapansi anali pamalo amodzi okha, pa seva yakaleyo.

Lolemba ndi Lachiwiri ndinakhala ndikukoka mafayilo ku seva yakale n'kumawakankhira ku yatsopano, intaneti ikukwawa, magetsi n'kuzimanso kawiri. Lachitatu m'mawa ndinatsegula webusaiti panyumba yake yatsopano, masamba onse mbee, mayina a mafayilo a mawu ali ndandanda. Sindinadine ngakhale limodzi, chifukwa masipika anali atabwerekedwa ndi a kwaya, komanso ndikanadina chifukwa chiyani zinthu zikuoneka ndi maso? Ndinatuluka mu sitafu rumu mapewa ali m'mwamba, aphunzitsi aamuna amene ankanditcha sekilitale monyoza ndikungowapatsa moni wa pamphuno.

Apa mpamene ulemu unandipweteka. Mayi anga anandilera ndi lamulo loti mphika wobwereka umabweza wotsuka, ndipo nyumba ya eni sutulukamo usanasese. Ndinaganiza kuti mkulu wa ku Blantyre uja watisunga zaka mwaulere, ndiye tichoke titamusiyira zinyalala, adzati anthu a ku Phalombe analeredwa bwanji? Ndinalowa pa seva yakale, n'kusankha zonse, n'kufufuta. Kompyuta inandifunsa ngati ndatsimikizadi, ine mpaka kukwiya nayo kuti kodi ikundiyesa mwana.

Lachinayi masipika atabwera ndinati ndiyeserere za Loweruka, tsiku la chiliza lija. Ndinadina liwu loyamba, zii. Lachiwiri, zii. Nditayang'anitsitsa ndinapeza kuti mafayilo a mawu anali mayina okhaokha, matumba opanda kanthu, kukoka kuja kunadukira panjira magetsi atazima, ndipo amene anali pakompyuta yanga analinso chimodzimodzi. Ndinaimbira mkulu wa ku Blantyre, iye anati kangodya kaulere sankakasungira kope lina, n'kundifunsa modabwa kuti wandituma kusesa ndani, popeza iye akanadikira ngakhale mwezi wathunthu. Madzi akatayika sawoleka, ndipo ine mlendo wa ku Ntcheu ndinali nditataya mawu a munthu wa eni, amene anali kale m'manda.

Lachisanu m'mawa ndinapempha chilolezo kwa ahedi n'kukwera njinga kuti ndikaulule ndekha ku Nkhulambe, kusiyana n'kukachita manyazi pamaso pa khamu. Nditafika pa msika wina wa panjira mtima unandithera, ndinatsika kuti ndimwe madzi, ndipo ndili chiimire pafupi ndi ogulitsa makaka ndinamva kukhosomola kumbuyo kwanga. Kenako liwu la Chilomwe. Kenako kuseka kuja.

Abale anga, ndaonapo zoopsa koma sindinachitepo mantha ngati tsiku limenelo. Njinga inagwa, botolo la madzi linandipulumuka. Mawu amenewo ndinawafufuta ndi chala changa, panalibe paliponse pamene akanachokera, ndiye ndinadziwa kuti mwini wake wanditsatira kudzandifunsa za mbewu ija. Ndinafuna kuthawa, koma munthu ungathawire kuti wakufa? Anakhosomolanso, ndipo apa ndinazindikira kuti mawuwo akutuluka pa windo la kashopu ka fotokope. Ndinayenda chokoka miyendo, pemphero lili pakamwa, n'kusuzumira.

Mkatimo munali mwini shopu, bambo wina Msilamu waulemu wake, ali pa kompyuta, ndipo pabenchi panakhala mayi wamasiye wa malemu uja, dengu la nandolo lili pamapazi. Bamboyo anandifotokozera kuti chimwalirire amuna awo, mayiwa tsiku la msika lililonse amabwera kudzapempha kuti awamve, iye n'kumawadinira liwu ndi liwu. Anati netiweki inasowa masabata awiri apitawo koma kompyuta imawalankhulabe, chifukwa zimene inamvapo kale inaziloweza. Pomwepo mutu unabwerera. Ndinakumbukira zimene mnzanga uja anandiuzapo, kuti kompyuta imasunga m'kafoda kobisika zinthu zimene yatsegulapo pa intaneti.

Ndisanatsegule pakamwa, bamboyo anati mwayi wake netiweki yabwera m'mawa womwewo, ndiye poti aphunzitsi afika, iye alumikize kuti tione zatsopano, uku dzanja lake likupita pa modemu, kachipangizo kolumikizira intaneti. Akanangolumikiza, kompyuta ikanakatenga matumba opanda kanthu aja n'kuwaika m'malo mwa mawu enieni. Ndinakuwa mfuu imene sindinadziwe kuti ndili nayo, n'kulumpha dengu, n'kumugwira dzanja mwamuna wa eni, pamaso pa anthu! Ogulitsa anathamangira pakhomo poyesa kuti kwagwa ndewu. Ndinagwada pansi pomwepo, kupepesa, n'kuulula zonse, za kusesa ndi zonse, misozi ili chuchuchu.

Mayi aja anati amuna awonso anali otero, posesa mapalapala ankatayira limodzi misomali yabwinobwino, iwo n'kumakatola kudzala. Ndiye anandifunsa kuti ndagwadiranji, bwanji osayamba kutola.

Nthawi ya swala itakwana bamboyo anaika modemu m'thumba, n'kupita ku mzikiti, shopu yonse kundisiyira ine amene ndinali nditangomuchititsa manyazi. Kafoda kaja ndinakapeza ndekha, popanda wondiimbira foni kapena wondilozera. Mafayilo anali ndi mayina osokonekera, moti ndinayenera kutsegula limodzilimodzi, ndipo popeza Chilomwe changa n'cha moni basi, mayi aja ankamvetsera n'kundiuza tanthauzo, ine n'kumalemba dzina loyenera. Nandolo wawo sanagulitsidwe tsiku limenelo. Pofika chakumadzulo tinaona chinthu chimene mpaka lero chimandilizabe: mawu a anthu ena amene tinawajambula munalibe ngakhale amodzi, chifukwa mayiwa sankawafuna, koma a amuna awo analimo onse, osasowa ngakhale limodzi. Enawo anali amoyo, tinakawajambulanso.

Ndinakopera pa fulashi, pa sidi, ndi pa kompyuta ya mwini shopu uja pamalo ooneka, ndipo sabata yotsatira ndinawakweza pa seva yatsopano n'kudina lililonse, masipika ali pamtunda. Koma Loweruka lija, pa chiliza, titalumikiza wailesi ku batire, kukhosomola kutangomveka anthu anati gwaa, kenako kuseka kuja, amayi n'kuyamba kulira ndi kuseka nthawi imodzi. Mwini mbumba uja anavula chipewa, n'kunena pamaso pa onse kuti mlendoyu mbewu wasunga. Pagule fumbi ndiwe mwini, ndiye ndinene ndekha: amene anasamutsa webusaiti ija n'kupulumutsa mawu a malemu ndine, sekilitale uja.

Za kafoda kobisika ndimazidziwa, ndaphunzitsapo ana ambiri, si matsenga ayi. Koma ananditsitsa panjinga pa msika umenewo ndani, mphindi yomweyo, dzanja lisanafike pa modemu? Ine ndimakhulupirira kuti Mulungu anasungitsa mawuwo kwa munthu mmodzi yekha amene sanatope nawo. Tsono inu amene mumasamutsa zinthu zimenezi, ulemu ndi wabwino, koma nyumba yakale musaisese musanamasule thumba lililonse kunyumba yatsopano, ndipo musakhulupirire dzina lolembedwa pathumba. Si aliyense amene angapeze mayi wamasiye woti anamutolera kale zimene wataya.