Ng'ala za Amayi ndi Mkazi wa ku Korea

Chaka chimene amayi anabwera kudzakhala nane ku Katawa, maso awo onse awiri anali atachita ng'ala. Ndinakawatenga kwathu ku Thyolo bambo atamwalira, nditamva kuti athira sopo waufa m'phala poyesa shuga. Sanafune kubwera. Ankati Mzuzu ndi kutali ngati kunja, kumazizira, ndipo anthu ake amapereka moni wosadziwika poyankhira. Koma panalibe wina woti awasunge, ndiye anakwera basi akung'ung'udza, n'kufika akung'ung'udzabe.

Ine ndine telala. Makina anga amakhala pabalaza, pafupi ndi zenera, moyang'anizana ndi TV. Ku Mzuzu ndinabwera ndikuthawa banja. Mwamuna wanga wa ku Ndirande ankandimenya, moti dzino langa lakutsogololi ndi loikirira. Ankhoswe anakhala pansi, banja linatha mwadongosolo, koma tsiku limene ndinkalongedza katundu amayi anandiuza mawu atatu okha: banja ndi kupirira. Ankadziwa chimene ankanena, poti nawonso anapirira bambo anga moyo wawo wonse. Kuchokera tsiku limenelo nkhaniyi sitinaikambenso, koma mawuwo ndinayenda nawo mpaka kumpoto.

Mafilimu a ku Korea ndinawayamba chifukwa cha ntchito. Atsikana a m'maofesi ankabwera ndi zithunzi m'mafoni, n'kumati, "Anti, mundisokere jasi ngati ili, kolala yake ikhale exactly chonchi." Nditatopa ndi kusinzinira pa tizithunzi tating'ono, ndinakaikitsa filimu yonse pa fulashi kumsika kuti ndiwaone bwino majasiwo. Inali ya magawo makumi awiri. Tinkaonera masana tikatha kudya, magetsi akatikomera mtima. Mawu ake ankalembedwa m'munsi m'Chingerezi, ndiye ine ndinkawamasulira amayi phazi lili pamakina.

Inali nkhani ya anthu awiri, mayi ndi mwana wake wamkazi. Mayiyo ali mtsikana anakondana ndi mnyamata wosauka wokonza mawotchi, koma makolo anam'kwatitsa kwa wina. Patapita zaka, mwana wake nayenso anakumana ndi mwamuna amene akuluakulu sankamufuna. Nkhani ziwirizi ankazisinthanitsa, pang'ono yakale, pang'ono ya lero, ndipo wosewera anali mmodzi yemweyo, mayi ali mtsikana ndi iye, mwana ndi iyenso. Opanga filimuyo sankalemba kuti apa ndi kale, apa ndi lero. Ankasiyanitsa ndi mtundu basi. Zakale zonse zinali zachikasu ngati tiyi wopanda mkaka mutambula. Za lero zinali za buluu wozizira, makoma oyera, majasi aatali otuwa. Munthu wa maso abwino sakanasokonezeka ngakhale pang'ono.

Chikondi chake chinali chochedwa mopsetsa mtima. Mnyamata uja ankatha mphindi zingapo akumanga wotchi padzanja la mtsikana, kamera ili pa zala zokha, osalankhula, osagwirana kwina kulikonse. Ndinkaseka kuti anthu awa alibe ntchito. Koma ndivomere, ine mayi wamkulu wa dzino loikirira ndinkapezeka ndaimitsa makina, ulusi uli pakamwa.

Amayi ankakhala pafupi ndi TV, mphuno itatsala pang'ono kugunda galasi. Nkhope ankaziona ndithu, koma mitundu inkawadutsa. Kwa iwo zonse zinali zachikasu chachifunga. Tili pa gawo lachitatu anatembenuka.

"Iwe, si yemwe uja anali ndi wamawotchi uyu? Pano akusekerera wina?"

"Ameneyo ndi mwana wake, amayi."

"Mwana wake uti? Nkhope ndi yomweyo, mawu ndi omwewo. Ng'ala ndili nazo, koma usandiyese wakhungu."

Ndinaseka, ndinazisiya. Kutsutsa amayi pa chinthu chimene atsimikiza kale kuli ngati kutunga madzi ndi dengu. Ndiponso zinkandisangalatsa kuwamva akukalipira TV. Kuyambira pamenepo filimu imene ankaonera iwo inali ina, ya mkazi mmodzi wonamiza amuna awiri.

Nthawi imeneyo panali bambo wina amene ankandikonzera makina. Ankakhala ku Mzilawaingwe, mkazi wake anamwalira n'kumusiyira ana awiri aakazi. Ankabwera panjinga, kabotolo ka oilo m'thumba la malaya, ndipo sankalowa m'nyumba chimanjamanja, nthawi zonse ankanyamula nthochi za amayi. Ankagwada pang'ono n'kuti, "Monire amama, mwatandala uli?" Amayi ankangoyankha kuti zikomo, poti kwa iwo zikomo ankayankha moni wina uliwonse wa Chitumbuka. Ine bamboyo ankanditchula mama telala. Anali munthu wofatsa, wa zala zoleza mtima, wopukuta kachitsulo kalikonse asanakabwezere pamalo pake.

Makina anga ndi olimba, sawonongeka chisawawa. Koma chaka chimenecho ankawonongeka kawiri pamwezi, chifukwa m'mawa ndinkamasula ndekha kasikuluu kogwira singano, n'kuimba foni kuti makina akudumpha. Iye ankabwera, n'kukamanga kasikuluuko osanena kanthu, kenaka n'kupeza china choti athire oilo mpaka tiyi awire. Ndinkamukonda. Ndinali ndisanakondepo munthu wosandiopseza, ndipo ndinkachita nazo manyazi ngati kamtsikana ka sukulu.

Tsiku lina ndikumuperekeza pageti anaima, nagwira njinga ndi manja onse awiri.

"Mama telala, ine sindine mwana, imwe namwe simwana. Ndikufuna nditume wanthu kwa amama, tipange zinthu pa dongosolo. Muwauze, ine ndidikira."

Ndinamulonjeza kuti ndiwauza sabata yomweyo. Chinatsala chinali chimenecho basi, kutsegula pakamwa n'kuwauza amayi kuti ndikufuna kukwatiwanso.

Koma masana aliwonse ndikati ndiyambe, amayi anali atayamba kale. "Taonani mkazi wa mitima iwiri uyu. Alibe manyazi." Tsiku lina ananena bamboyo ali pomwepo, atawerama pamakina: "Mwamuna woyamba akadali moyo, iye wayamba kale kuonetsa mano kwa wina. Anam'lera ndani ameneyu?" Bamboyo anaseka, poti ankadziwa kuti akunena wa m'filimu. Ine sindinaseke. Mwamuna wanga woyamba anali moyo ku Ndirande. Ndinkaona kuti amayi akulozera TV koma mawu akulasa ine, ndipo ndinawakwiyira kwambiri mumtima, uku ndikuwamasulira Chingerezi ndi mawu aulemu. Sindinayesenso kuwafotokozera za chikasu ndi buluu. Ndinkaopa kuti ndikateteza mkazi uja, andifunsa chifukwa chake.

Sabata inakhala mwezi, mwezi unabala unzake. Bamboyo anafunsa kachiwiri, ndinati amayi sakupeza bwino. Kachitatu kanali mu Julaye, kamvula kowaza kaja kosatha kakugwa, tonse titaima pageti manja m'khwapa.

"Mama, alongo wanga akundipanikiza chomene. Wana akukula opanda mayi. Ngati pali suzgo, vuto lililonse, ndiuzeni waka."

Mkwiyo wonse umene ndinasungira amayi ndinam'khuthulira iye. Ndinamuuza kuti ngati akufuna wantchito wolera ana akafune kwina, ndipo asabwerenso, makina ndipeza wina wokonza. Anandiyang'ana kanthawi, madzi akutsika pachipewa.

"Yewo chomene, mama," anatero, nakwera njinga.

Mufilimu muja kusiyana kumatenga gawo lathunthu, nyimbo ikulira, kamera ikuzungulira. Kwathu kunatha msanga kuposa kulowetsa ulusi pasingano. Ndinalowa m'nyumba, ndinazula fulashi, ndinawauza amayi kuti yapsa. Tinali pa gawo la khumi ndi chinayi.

Chakumapeto kwa chaka amayi anakapalidwa diso lamanja kuchipatala. Atawachotsa bandeji m'mawa mwake, chinthu choyamba chimene anaona chinali ine. Anandiyang'ana kuyambira kumutu, n'kuti, "Iwe wamera imvi liti?" Panjira ankawerenga mitundu ngati mwana. Kunyumba anandiuza kuti makoma ndi akuda, makatani ndi osachapa, ndipo chitenje chimene ankachiyesa chakhofi chinali cha buluu. Patatha masiku angapo anati, "Kandipezere mkazi wanga uja, ndimuone bwino nkhope yake yopanda manyaziyo." Ndinatulutsa fulashi ija m'kabokosi ka mabatani. Sanafunse kuti yapola bwanji.

Tinayambira gawo loyamba. Mtsikana anali pa shopu ya mawotchi, zonse zili chikasu. Kenaka chithunzi chinasintha, kunabwera buluu uja, nkhope yomweyo ili mujasi lotuwa. Amayi anasendera kutsogolo.

"Tabwezera."

Ndinabwezera. Anaonanso, dzanja litaphimba diso lodwala.

"Awa ndi anthu awiri."

"Eya, amayi."

"Wachikasuyu ndi mayi wake."

"Eya."

"Nanga unandisiyiranji ndikutukwana mwana wosalakwa miyezi yonse ija?"

"Ndinakuuzani."

"Unandiuza kamodzi."

Magawo otsalawo tinawaonera ine ndikumasulira monga kale. Amayi sanatukwanenso munthu. Anaona mtsikana wachikasu uja akukwatitsidwa, akudikira mwamuna woledzera, akubisa wotchi yakufa m'bokosi la zovala mpaka kukalamba. Pa gawo lomaliza, mayiyo atakalamba anatulutsa wotchi ija n'kum'manga mwana wake padzanja, kamera ili pa zala zokha monga kale. Amayi anapukuta diso lopalidwa lija ndi nsonga ya chitenje, ngakhale adokotala anawaletsa kuligwira.

Nyimbo yotsekera ikulira, anafunsa osandiyang'ana.

"Bambo a nthochi aja sabweranso bwanji? Makina ako anasiya kudwala?"

"Anachira, amayi."

"Usandinamize. Makutu sachita ng'ala. Ndinkakumva m'mawa ukumasula kachitsulo kaja usanaimbe foni. Ndinkangodikira kuti undiuze, ndiwatumire uthenga amalume ako kumudzi."

"Nanga mawu onse aja? Za mkazi wa mitima iwiri, za mwamuna woyamba akadali moyo?"

"Ndinkanena wa m'TV, amene ndinkaona ngati akunamiza amuna awiri. Iwe unanamiza ndani?"

"Munati banja ndi kupirira."

Kunja ana a sukulu ankadutsa akuweruka.

"Ndinanena bambo ako ataima pakhomo akumva," anatero. "Ukanafuna ndinene chiyani?"

Kenaka anawongola msana ngati munthu amene wapeza ntchito yoti agwire. Anati mawa ndikawaitane bambo a nthochi aja, ndigule nkhuku, iwo awaone nkhope ndi diso latsopanoli, poti mawu okha anawakonda kale. Ankalankhula mwachangu, akuwerenga pa zala amene ayenera kudziwitsidwa kumudzi. Ndinawasiya afike pa chala chachinayi, kenaka ndinawadula mawu.

Bamboyo anali atakwatira mwezi wapitawo, mkazi wa ku Kaning'ina. Ndinamva kwa kasitomala wanga amene anabweretsa nsalu kuti ndim'sokere diresi lovala ku ukwatiwo. Ndinam'yeza, ndinalisoka, ndinalisita, linam'khala bwino kwambiri. Zonsezi ndinawauza amayi momwemo, mosadumpha kanthu. Sindinalire pamene ndinkasoka diresilo, koma powauza amayi ndinalira, ndipo ndinalira mokwiya, osadziwa ngati ndakwiyira iwo, ine ndemwe, kapena bambo anga ali m'manda.

Amayi sanandigwire, si anthu ogwiragwira. Anangoti ndizimitse TV.

Makina aja tsopano amadumphadi, ndipo ndimawanyamula pa kabaza kupita nawo kwa mmisiri wina kumsika, amene amamanga sikuluu akuyang'ana foni. Atsikana a m'maofesi akubwerabe ndi zithunzi za majasi, ndimawasokera. Tsiku lokapala diso lamanzere litafika, ndinadzuka m'mawa, ndinawatenthetsera madzi, ndinawasitira chitenje cha buluu chija. Ndinawapeza atakhala pampando wawo, TV ili yozima, atavala zapakhomo.

"Amayi, tichedwa."

"Sindipita."

Ndinawanyengerera, ndinawakalipira, ndinawauza kuti anthu ena amadikira mwayi umenewu miyezi yambiri. Anandiyang'ana ndi diso labwino lija, kuyambira pa imvi mpaka pa dzino.

"Limodzili landionetsa zokwanira," anatero. "Linalo lisiye."